Momwe mungatumizire ndalama kunja muli ku Zomba popanda kuberedwa

Tinazolowera kuti ndalama zimachokera ku Joni kubwera kuno. Koma lero mabanja ambiri a ku Matawale, Chinamwali ndi Mpondabwino akufunikanso kutumiza: mwana ali pasukulu ku South Africa, m'bale wagonekedwa m'chipatala ku India, wina ntchito yamuthera ku Cape Town ndipo akusowa ya basi yobwerera. Kutumiza n'kovuta kuposa kulandira, chifukwa ndalama zakunja ndi zosowa m'dziko muno, ndipo Reserve Bank of Malawi imalola mabanki ndi maofesi okhala ndi chiphaso okha kuti azigulitsa.

Yambani ndi mapepala musananyamuke kupita m'tauni. Kubanki akufunsani chifukwa chimene mukutumizira, ndipo mawu apakamwa sakwanira. Ngati ndi fizi, tengani kalata yosonyeza kuti mwanayo analandiridwa pasukulupo komanso invoice ya chaka chino. Ngati ndi matenda, tengani kalata ya dokotala ndi bilu ya chipatalacho. Musaiwale chiphaso chanu cha unzika. Pempho lanu liperekeni msanga, milungu ingapo tsiku lolipira lisanafike, chifukwa madola akasowa anthu amadikira pamzere. Kuchedwa kumapwetekanso m'thumba: kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo amene anali ndi ngongole ya madola anadzuka makwacha awo asakukwananso.

Chachiwiri, wolandirayo akutumizireni zonse molemba, osati pafoni pongolankhula: dzina monga lilili pa pasipoti, dzina la banki, nambala ya akaunti ndi SWIFT code, yomwe ndi chizindikiro cha bankiyo potumizirana ndalama pakati pa mayiko. Ku United Kingdom ndi ku Europe amafunanso IBAN (nambala ya akaunti yogwiritsa ntchito pakati pa mayiko), ku India IFSC, ku South Africa branch code (ziwirizi ndi nambala za nthambi ya banki). Chilembo chimodzi chikasemphana, mwachitsanzo Chikondi n'kulembedwa Chikonde, ndalama imatha kukanidwa kapena kubwerera itadulidwa.

Tsopano pofunika kwambiri, pamene anthu ambiri amalakwitsa. Mukafika pakauntala musangofunsa kuti amadula zingati. Funsani chonchi: "Ndikapereka makwacha awa, m'bale wanga akalandira zingati m'manja?" Mtengo weniweni umabisala pa mtengo wosinthira ndalama. Tiyerekeze mukutumiza madola 1,000. Kwina akudula K20,000, kwina K10,000, koma kwachiwiriku dola iliyonse yakwera ndi K30. Amene amaoneka wotchipa uja wakudyerani K30,000 yosaoneka. Mabanki a m'tauni ya Zomba ali moyandikana, moti m'mawa umodzi mutha kufunsa ku National Bank, Standard Bank, NBS ndi FDH n'kulemba mayankho papepala limodzi. Funsaninso ngati ndalama ya dzikolo ilipo lero, chifukwa mtengo wabwino wa ndalama imene palibe sukuthandizani.

Mukatero sankhani njira. Fizi ndi bilu ya chipatala zitumizeni kudzera kubanki, zilowe mu akaunti ya sukulu kapena chipatalacho. Pafomu pamakhala pofunsa amene alipire mabanki apakati, omwe ndalamayo imadutsamo panjira. Mukasankha OUR ndiye kuti mwalipira zonse inuyo. Mukasankha SHA, mabanki ena amadulako panjira, ndipo sukulu ikalandira zoperewera madola ochepa mwana amaonekabe ngati ali ndi ngongole. Lembaninso nambala ya wophunzirayo pamalo a reference. Ngati ndi ndalama yochepa yofunika mwachangu, funsani ngati Western Union kapena MoneyGram akutumiza kudziko limenelo panopa komanso malire ake. Western Union imapereka nambala ya manambala 10 yotchedwa MTCN, MoneyGram ya manambala 8. Nambalayi muuze wolandira yekha, osaiponya pagulu la WhatsApp la banja.

Adobadoba onena kuti "ndipatseni makwacha kuno, mnzanga akam'patsa marandi uko" apeweni, ngakhale mtengo wawo ukome bwanji. Kugula ndalama zakunja kwa munthu wopanda chiphaso n'kuphwanya lamulo, ndipo akakuthawitsirani mulibe pepala lopita nalo kupolisi. Chimodzimodzi uthenga wodzidzimutsa wa pa Facebook kapena nambala yachilendo woti mwana wanu wamangidwa: muimbireni mwiniwakeyo panambala yomwe mumaidziwa, mumve mawu ake, musanatulutse ngakhale tambala.

Pomaliza, lisiti lijambuleni ndi foni ndipo lenilenilo lisungeni bwino. Ndalama ya kubanki imatenga masiku angapo a ntchito. Ikapitirira sabata osafika, bwererani kunthambi yomwe munatumizira mukapemphe kope la uthenga wa SWIFT, mulitumize kwa wolandirayo kuti banki yake ifufuze pomwe ndalamayo yaima.