Diso likafiira, musathiremo mankhwala apakhomo

Nyengo yokolola ndi kupuntha ndiyo imene anthu ambiri amavulala m'maso. Tsamba louma la chimanga likakwapula diso, kapena mankhusu a mpunga akagweramo, munthu amangotikita n'kupitiriza ntchito. Pofika madzulo diso lafiira, ndiye aliyense pakhomo wasanduka dokotala: uyu akuti mkaka wa m'mawere, uyo madzi a shuga, agogo akufinya masamba, ndipo alipo amene amafika mpaka pa mkodzo. Zonsezi zisiyeni. Kachilonda kamene kakanapola ndi mankhwala a kuchipatala kamalowa tizilombo, n'kusiya chipsera choyera pakati pa diso, ndipo chipseracho palibe magalasi angachichotse. Mkodzo ndiye woopsa koposa, chifukwa ukakhala ndi tizilombo ta chinzonono diso limatha kuboola m'masiku ochepa.

Chitsotso chikagwa m'maso, sambani m'manja, tsukani diso ndi madzi oyera ambiri, osatikita. Ngati mwalowa laimu, simenti, feteleza kapena mankhwala opopera mbewu, tsukani kwa mphindi 20 musananyamuke, kenako ulendo wa kuchipatala tsiku lomwelo. Kachitsulo kapena kamtengo kakabaya n'kutsalira momwemo, musakazule. Vindikirani diso ndi kapu yoyera mosakanikiza, mupite.

Mankhwala odontheza ogula pamsika nawonso samalani nawo. Ena muli steroid, amene amayeretsa diso msanga, munthu n'kumati ndachira, pomwe chilonda chikukulira pansi. Mankhwala amene anatsala kwa mnansi si anu, ngakhale maso anu afiira mofanana.

Ambiri mukukumbukira matenda a maso ofiira amene anabuka ku Karonga mu 2024 n'kufalikira m'maboma ena. Amenewo nthawi zambiri amatha okha pakadutsa sabata imodzi kapena ziwiri. Sapatsirana poyang'anizana ayi. Amayenda ndi manja, thaulo, chitenje ndi pilo. Koma diso likamapweteka kwambiri, likamaopa kuwala, kapena mukamaona mwachimbuuzi, musadikire kuti litha lokha. Khanda lotupa zikope n'kumatuluka mafinya lisagone pakhomo.

Tsono pali matenda ena amene safiiritsa diso, ndipo apa m'pamene pali ntchito ya optometrist, katswiri woyeza maso. Kuno kwathu akatswiriwa amaphunzira ku Mzuzu University, ndipo achinyamata amene mukuikhumba ntchitoyi limbikirani masamu ndi sayansi. Katswiriyu anthu amamuyesa wogulitsa magalasi chabe. Zoona, amayeza n'kulemba magalasi oyenera munthu, koma amaunikanso mkati mwa diso, kuyeza mphamvu ya madzi a m'menemo, ndi kutumiza kwa dokotala wa opareshoni amene akufunika kutero.

Mukapitirira zaka 40 n'kuyamba kutalikitsa foni kapena Baibulo powerenga, kapena ulusi ukamakana kulowa pa singano, musadandaule, ndi kukula kumeneko, magalasi owerengera akwanira. Komabe pitani mukayezetse m'malo mongosankha magalasi pa benchi, chifukwa pa ulendo womwewo akakuyezaninso glaucoma. Nthenda imeneyi imawononga mtsempha wa diso mwakachetechete, osapweteka, kuyambira m'mbali. Munthu amayamba kugunda zitseko pomwe zakutsogolo akuona bwinobwino. Chimene yawononga sichibwerera, mankhwala amangoteteza chotsalacho, ndipo amadontheza moyo wonse. Ngati kwanu wina anachita khungu ndi nthendayi, abale nonse akuluakulu kayezetseni. Odwala shuga nawo aziunikitsa maso chaka chilichonse, ngakhale akuona bwino.

Ng'ala ndi yosiyana, chifukwa khungu lake limachizika. Chondimvetsa chisoni n'chakuti agogo ambiri amakhala zaka m'nyumba, mdzukulu atasiya sukulu kuti aziwatsogolera ndi ndodo, kaamba ka mphekesera zoti kuchipatala amakolowola diso. Si zoona. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, munthu ali maso, n'kuchotsa kagalasi kamene kachita mtambo, kuikapo kena. Opareshoni yake siifika ola, ndipo ambiri amaona mawa lake akamatula bandeji. Imachitika ku Lions Sight First pa Queen Elizabeth ku Blantyre, ku Kamuzu Central, ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Nkhoma. Yambirani pa chipatala chanu chaching'ono, akakupatsani kalata. Mankhwala othira osungunula ng'ala kulibe, wokugulitsaniyo akungokudyerani ndalama.

Kwa ana, penyetsetsani amene amatsinzinira poona pa bolodi, kuyandikitsa kope kumphuno, kapena kulemba zolakwika pokopera. Tisanamutche mbuli, tikamuyezetse. Mwana amene pakati pa diso pakuoneka poyera, kapena diso limodzi likuyang'ana kumbali, apite msanga akadali wamng'ono. Adye mbatata yofiira mkati, mapapaya, mango ndi masamba obiriwira, ndipo asaphonye vitamini A ku sikelo. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti trachoma, nthenda ya maso imene ntchentche zimafalitsa, siilinso vuto lalikulu m'Malawi, koma ntchentche zikadalipo, ndiye manthongo a ana azisukusulidwa m'mawa uliwonse ndi madzi oyera, aliyense ndi kansalu kake.