Momwe mungagulire kapena kugulitsa galimoto ya turbo yowonjezeredwa mphamvu mu Blantyre

Subaru WRX kapena Golf GTI ikamabangula pa Chipembere Highway, mtima umalakalaka. Komatu kulira kwa ekizosi sikunena chilichonse za moyo wa injini, ndipo mukagula kwa munthu wamba palibe galanti.

Choyamba, kaioneni m'mawa. Muuzeni mwini wake asailize musanafike, ndipo mukafika gwirani boneti mumve ngati ndi yozizira, poti injini yotentha imabisa matenda. Akailiza, imani kumbuyo. Utsi wabuluu ndiye kuti oyilo akupsa, ndipo nthawi zambiri turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) kapena maring'i a mapisitoni atopa. Utsi woyera wokhuthala womwe sukuleka injini itatentha, kayikirani gasiketi ya hedi ya injini.

Mutenge makaniko wanu, osati wa wogulitsa. Amasule paipi yolowetsa mpweya ku turbo n'kugwedeza kashafti ka timapiko ta turboyo ndi chala. Kugwedera pang'ono cham'mbali si vuto, koma kakamasuntha kutsogolo ndi kumbuyo, kapena timapiko tikamakhula m'mbali, turbo imeneyo yatha. Aonenso m'mapaipi a intercooler, choziziritsa mpweya wochokera ku turbo: kunyowa pang'ono kumachitika, koma oyilo wochita kudikha ayi.

Kenako funsani za kompyuta ya injini. Anaisintha ndani, kuti, ndipo ankayeza ndi petulo wanji? Apa mpamene ambiri amagwa. Galimoto yomwe inakonzedwera petulo wa octane yokwera (wopirira kupanikizidwa mu injini) ku Japan ikamamwa wofooka imayamba kugogoda mukaiponda, mapisitoni n'kumadyeka mwakachetechete. Mwini wake akangoti "ndinaipeza choncho, achimwene", tsitsani mtengo kapena bwererani.

Poiyesa, m'tauni simuphunziramo kanthu. Tsikirani msewu wa ku Chikwawa, pobwerera mukwere nayo chitunda chija muli pa giya yaikulu. Injini ikamalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, kilatchi ikuterera. Diso likhalenso pa geji ya kutentha. Ngati galimotoyo anaitsitsa kuti iyandikire pansi, suzumirani pansi muone zomwe mahampu anaichita.

Mapepala musawachitire manyazi. Nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi zomwe zili pa blue book, makamaka ngati injini inasinthidwa. Dzina la pa blue book likhale la amene mukulankhula nayeyo, lofanana ndi la pa chiphaso chake. Onani COF (chiphaso choti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshuwalansi, ndipo mutsimikize kuti msonkho wa MRA unalipidwa. Kukasintha umwini ku Road Traffic pa Ginnery Corner pitani nonse awiri, madobadoba asakugwireni dzanja pageti.

Inu ogulitsa, mezani izi: ndalama munathira pa marimu, ekizosi ndi turbo yaikulu sizibwerera zonse. Wogula wochenjera amaona zimenezo ngati umboni woti galimotoyo inkathamangitsidwa. Ngati zipangizo zomwe inabwera nazo munasunga, ndi bwino kuzibwezeretsa, zowonjezerazo n'kugulitsa padera. Malisiti a sevisi ndi amene amalimbitsa mtengo.

Kumanani masana pa filing'i sitesheni, ndipo wogula akamaiyesa mukhalemo, mutaona kaye laisensi yake. Chithunzi cha pa WhatsApp choti ndalama zatumizidwa si ndalama. Makiyi aperekedwe mutaziona nokha mu akaunti yanu. Lembani kalata ya mgwirizano yotchula zonse zomwe zinasinthidwa pa galimotoyo, musayine pamaso pa mboni, ndipo umwini usinthidwe msanga, chifukwa ikachita ngozi idakali pa dzina lanu apolisi adzayamba kufunsa inu.