Kusamalira mwana wobadwa masiku osakwana pachifuwa: njira ya kangaroo kuchipatala ndi kunyumba

Mwana wobadwa masiku osakwana, kapena wobadwa wosafika makilogalamu 2.5, sakhala ndi mafuta okwanira pansi pa khungu, ndiye kutentha kwa thupi kumamuthawa msanga. Akazizidwa amafooka, akafooka sayamwa, akapanda kuyamwa shuga amatsika m'thupi ndipo matenda amamulowa mosavuta. Njira ya kangaroo imadula unyolo umenewu pogwiritsa ntchito chifuwa cha munthu wamkulu, chitenje ndi mkaka wa m'mawere. Koma mphamvu yake yagona pa kuchuluka kwa maola. Mwana woikidwa pachifuwa ola limodzi m'mawa, kenako n'kugonekedwa pamphasa mpaka madzulo, sanalandire kangaroo ayi.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuno kwathu. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti amayi 91 mwa 100 alionse amachilira kuchipatala. Kuchokera mu 1992 kufika nthawi ya kafukufukuyu, imfa za ana osakwana zaka zisanu zinatsika kuchoka pa 234 kufika pa 63 mwa ana 1,000 obadwa amoyo, pamene imfa za m'mwezi woyamba zinangochoka pa 41 kufika pa 27. Apa ndi pamene tatsalira. Lipoti limene bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa pamodzi ndi mabungwe ena mu 2012 linaika Malawi patsogolo pa mayiko onse pa kubadwa kwa ana masiku osakwana, pafupifupi ana 18 mwa 100.

Njirayi inayambira ku Bogotá, m'dziko la Colombia, mu 1978, pamene Dr Edgar Rey ankasowa makina okwanira otenthetsera makanda. Ku Malawi inayamba pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999. Poyamba lamulo linali lakuti mwana ayambe wakhazikika kaye asanaikidwe pachifuwa. Kafukufuku amene anachitika ku Ghana, India, Nigeria, Tanzania ndi pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa mu 2021, anaonetsa kuti kuyamba atangobadwa kunachepetsa imfa ndi gawo limodzi mwa magawo anayi pakati pa ana olemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi 1.8. Kuyambira mu 2022 WHO imalangiza kuyamba nthawi yomweyo, maola 8 mpaka 24 patsiku, ndipo akachuluka ndiye bwino. Mwana amene akulephera kupuma yekha kapena wadwalika kwambiri ndiye amayamba wathandizidwa kaye. Zimenezo amagamula ndi achipatala.

Kamangidwe kake

Konzani zitenje ziwiri zochapa ndi zouma bwino, chipewa cha mwana, masokosi, thewera, ndi malaya aakulu otsegula kutsogolo a wonyamula. Sambani m'manja ndi sopo. Mwana avale chipewa, thewera ndi masokosi basi. Zovala zina zimatchinga khungu lake kuti lisakhudzane ndi lanu, ndipo kukhudzanako ndiye mankhwala ake. Chipewa chisasowe, chifukwa mutu wa khanda ndi waukulu poyerekeza ndi thupi lake ndipo kutentha kwambiri kumatulukira pamenepo.

Muikeni choimirira pakati pa mawere, chifuwa chake chigunde chanu. Mutu utembenukire mbali imodzi, chibwano chikwezeke pang'ono ngati akununkhiza chinthu. Ichi n'chofunika kuposa zonse: khosi likapindikira kutsogolo, chibwano n'kugunda pachifuwa pake, njira ya mpweya imatsekeka, ndipo likapendekera kumbuyo kwambiri imatsekekanso. Miyendo ipindike ndi kutambasukira m'mbali ngati ya chule, manja apindike m'mwamba pachifuwa panu.

Tsopano kulungani chitenje choyamba. Mpendero wake wam'mwamba udutse m'munsi mwenimweni mwa khutu la mwana kuti ugwire mutu, nkhope ikhale poyera. Kokani mwamphamvu pa msana ndi pachifuwa pa mwana, osati pamimba, chifukwa khanda limapuma ndi mimba. Mbali yam'munsi ipindireni pansi pa matako ake, mumange mfundo kumbuyo kapena chakumbali. Yesani motere: imirirani, muwerame pang'ono dzanja lili pafupi. Mwana akatsetsereka kapena mutu ukagwedera, masulani muyambirenso. Chitenje chachiwiri kapena malaya zibwere pamwamba pa nonse awiri. Chitenje chimakhwefuka chokha pakapita maola, ndiye muzionanso mfundo nthawi iliyonse mukamaliza kuyamwitsa.

Pogona musagone chathyathya. Tsamirani pa mapilo kapena mabulangete opinda kuti mutu ndi chifuwa zikhale m'mwamba, ndipo mugone m'neti. Kugona chagada mopanda chotsamira kumabweza mkaka kukhosi kwa mwana.

Mwana achoke pachifuwa pomusintha thewera, pomupima, kapena wonyamula akamapita kukasamba ndi kuchimbudzi. Ngakhale pamenepo, ndi bwino kumupatsira pachifuwa cha munthu wina kusiyana ndi kumugoneka. Kumuchotsachotsa kumamutopetsa, choncho akaikidwa akhale osachepera ola lathunthu.

Kudyetsa

Chakudya chake ndi mkaka wa m'mawere wokha, kuyambira mkaka woyamba wachikasu uja. Asapatsidwe madzi, phala lamadzimadzi, tiyi kapena madzi azitsamba, ngakhale akulu anene kuti ali ndi ludzu. Adye maola awiri kapena atatu alionse, usana ndi usiku, osachepera ka 8 pa maola 24. Ana otere amagona kwambiri ndipo salira njala, ndiye osadikira kuti alire. Mudzutseni pomusisita kuphazi kapena kumusintha thewera.

Kuyamwa, kumeza ndi kupuma mogwirizana kumakhwima mimba ikafika pafupifupi masabata 34. Wobadwa isanakwane nthawi imeneyi amagwira bere n'kutopa asanakhute, choncho amafunika mkaka wofinya pakapu, ndipo wamng'ono kwambiri amadyetsedwa ndi kachubu kodzera m'mphuno kapena m'kamwa kuchipatala.

Pofinya, ikani chala chachikulu pamwamba ndi chala cholozera pansi, m'mphepete mwa mbali yakuda ya bere. Kanikizani cholowera kuchifuwa, panani, masulani, n'kumabwereza. Osakoka nsonga ya bere kapena kukhuluza zala pakhungu. Zimenezo zimangobweretsa zilonda, mkaka osatuluka. Zungulirani bere lonse, musinthe bere pakatha mphindi zitatu mpaka zisanu, ndipo ntchito yonse itenge mphindi 20 mpaka 30. Finyani ndi usiku womwe. Mayi akadumpha usiku, mkaka umachepa pakangopita masiku ochepa. Kapu ikhale yotsukidwa ndi sopo ndi kuwiritsidwa. Mkaka wofinya, wovundikira, gwiritsani ntchito asanathe maola anayi ngati mulibe filiji.

Pomwetsa, mukhazikeni mwana chotsamira pang'ono ali maso. Kapu itsamire pa mlomo wam'munsi, muipendeke mpaka mkaka ungokhudza milomo. Iye adzanyambita kapena kupsontha yekha. Osathira m'kamwa. Kuthira n'kumene kumatsamwitsa ana, mkaka n'kulowa m'mapapo. Ikani kansalu pansi pa chibwano kuti muone wotayika, chifukwa kapu ikhoza kutha pamene theka lathera pansalu.

Muyezo amawerengera ndi anamwino malinga ndi sikelo ya mwana ndi masiku ake. Amayamba pang'ono tsiku loyamba n'kumaonjezera tsiku ndi tsiku. Mwachitsanzo, mwana wa makilogalamu 1.8 amene wafika pa mamililita 150 pa kilogalamu patsiku amafunika mamililita 270. Akamadya ka 8 ndiye pafupifupi 34 nthawi iliyonse. Musanatuluke m'chipatala pemphani akulembereni muyezowo m'buku ndi kukuonetsani mzere wake pakapu. Mwana wokhuta amanyowetsa thewera ka 6 kapena kuposerapo patsiku.

Masiku oyambirira mwana amatsika sikelo, mpaka gawo limodzi mwa magawo khumi, ndipo amabwerera pa sikelo yobadwa nayo pofika sabata yachiwiri. Kuchokera apo tiyembekezere magalamu 15 pa kilogalamu iliyonse patsiku. Wa makilogalamu 1.8 uja ndiye magalamu 27 patsiku, pafupifupi 190 pasabata. Akapanda kukwera, funso loyamba likhale la maola a pachifuwa, chifukwa mwana wozizidwa amawotcha mkaka wonse pofuna kudzitenthetsa. Kenako onani muyezo, kudumpha chakudya cha usiku, ndi zoyera m'kamwa zimene zimamupweteka poyamwa. Zonsezi zikakhala bwino, ayezedwe matenda.

Kunyumba n'kumene zimavuta

M'wodi amayi amalimbikira chifukwa anamwino ali pafupi ndipo ogadira odwala akuphika. Kunyumba kuli mtondo, madzi, nkhuni ndi ana ena. Mayi mmodzi sangathe maola 20 yekha, ndiye banja lisankhiretu anthu awiri kapena atatu osinthana naye, ndipo aphunzire kumanga asanatuluke m'chipatala. Chifuwa cha bambo chimatenthetsa mofanana ndi cha mayi. Agogo ndi azakhali nawonso angathe. Mapasa amatheka pa chifuwa chimodzi, wina mbali iyi wina mbali inayo, koma onyamula awiri ndiye zimapepuka. Amene akutsokomola, ali ndi chimfine, zilonda pakhungu, kapena wamwa mowa asanyamule, ndipo fodya asasutidwe m'nyumbamo. Alendo odzaona mwana aone nkhope ali pachifuwa pomwepo. Kumupatsirana m'manja kudikire.

Osaphika pamoto mwana ali pachifuwa, ndipo osamubereka kumbuyo ngakhale anthu aseke kuti mwana samangidwa kutsogolo. Kumbuyo simungaone kapumidwe kake, ndipo nsalu imalekanitsa khungu. M'miyezi ya June ndi July, makamaka kumadera okwera monga Dedza, Ntcheu, Mzimba ndi Thyolo, anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka mazenera. Mpweya wa makala umapha mwakachetechete. Tsekani mipata ya mphepo, onjezerani bulangete pamwamba pa nonse awiri, mbaula ikhale panja. Kumadera otentha monga Nsanje ndi Chikwawa kangaroo asasiyidwe; chepetsani zofunda zapamwamba, pukutani thukuta, koma khungu likhudzanebe.

Osamusambitsa m'beseni. Mupukuteni msangamsanga ndi kansalu ka madzi ofunda kumaso, m'khosi ndi kumatako, muumitseni, abwerere pachifuwa. Pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena zitsamba, koma mankhwala okhawo amene mwapatsidwa kuchipatala.

Kutentha koyenera, poyeza m'khwapa, ndi madigiri 36.5 mpaka 37.5. Ngati mulibe choyezera, gwirani mapazi ndi mimba ndi kuseri kwa dzanja. Mapazi ozizira mimba ili yofunda ndiye kuzizidwa kwayamba: m'bwezereni pachifuwa, onani chipewa ndi thewera ngati zanyowa, mufunditseni, mumudyetse, muonenso pakatha ola. Zonse ziwiri zikazizira, kapena akapanda kufunda pakatha olalo, nyamukani.

Ana amenewa amapuma modukizadukiza, ndipo kaimidwe ka masekondi ochepa si koopsa. Akasiya kupuma masekondi 20, kapena milomo ikachita bii, musisiteni pamsana ndi kumapazi mpaka apume, ndipo pitani kuchipatala ngakhale aoneke kuti wachira. Pitaninso nthawi yomweyo, usiku kapena usana, akamapuma koposa ka 60 pamphindi, nthiti zikamalowa m'kati, akamabuula popuma, akakana kudya kawiri motsatizana, akalefuka osadzuka, akakomoka kapena kugwedezeka, thupi likatentha, mimba ikatupa, akamasanza zobiriwira, mchombo ukafiira kapena kutuluka mafinya, komanso chikasu chikafika m'manja ndi kumapazi. Paulendo wonse, kaya ndi pa kabaza kapena m'minibasi, akhale womangidwa pachifuwa. Ana ambiri amafika kuchipatala atazizira panjira chifukwa ananyamulidwa m'manja atakulungidwa m'mabulangete, koma bulangete limangosunga kutentha kumene kulipo, silipanga kwina.

Masiku obwerera kusikelo olembedwa m'buku asaphonyedwe, ngakhale mwana aoneke bwino, pakuti sikelo ndi imene imaulula vuto maso asanaone. Funsani ngati walandira katemera wa BCG ndi wa poliyo, ndipo mankhwala oonjezera magazi, mavitamini kapena oteteza ku HIV amene mwapatsidwa aperekedwe pa muyezo wake. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwitsidwe kuti m'nyumbamo muli mwana wotere.

Kangaroo amapitirira mpaka mwana afike makilogalamu 2.5 kapena tsiku limene ankayembekezeka kubadwa. Nthawi ikakwana amaonetsa yekha: amatulutsa manja ndi miyendo, amaphiriphitha, amalira akamangidwa. Pamenepo chepetsani maola pang'onopang'ono, kuyambira masana, koma muzimubwezerabe pachifuwa akatha kusamba, usiku wozizira ndiponso paulendo.