Kampani ikalandira statutory demand ku Australia: khoti lingakuthandizeni mpaka pati

Ndimasunga mabuku a ndalama pa kampani yaing'ono yomanga nyumba ku Melbourne, ndipo chikalata chotchedwa statutory demand chatifikirapo kawiri. Ndi chikalata chimene wokongoza amatumiza motsatira Corporations Act 2001, chouza kampani kuti ilipire ngongole m'masiku 21. Ngongoleyo iyenera kukwana madola 4,000. Kampani ikangokhala chete, lamulo limaiyesa yolephera kulipira ngongole zake, ndipo wokongozayo amatha kupempha khoti kuti liitseke.

Choyamba, lembani tsiku limene chikalatacho chafika pa adiresi yomwe kampani inalembetsa ku ASIC (bungwe la boma loyang'anira makampani), osati tsiku limene mwatsegula envulopu. Gawo 459G la lamuloli limafuna kuti pempho lanu loti khoti lifafanize chikalatacho, pamodzi ndi chikalata cholumbirira, mupereke ku khoti komanso kwa wokongozayo masiku 21 asanathe. Zonsezo, osati kukhoti kokha. Mu 1995 High Court, khoti lalikulu kwambiri ku Australia, inagamula pa mlandu wa David Grant & Co ndi Westpac kuti woweruza alibe mphamvu yowonjezera nthawiyi. Mungakhale ndi mfundo zomveka bwanji, mukachedwa ndi tsiku limodzi, khomo latsekeka. N'chifukwa chake ine ndimaimbira loya tsiku lomwelo.

Chikalata cholumbiriracho musachilembe mothamanga. Chifukwa chilichonse chokanira ngongole chilowemo, chifukwa mfundo yatsopano imene mudzaikumbukira masikuwo atadutsa khoti silidzaimvera. Ife tinaikamo maimelo, malisiti ndi zithunzi za katundu.

Tsono apa ndi pamene anthu ambiri amasokera. Ku Federal Court kapena ku Supreme Court, woweruza sakuzenga mlandu wa ngongoleyo, sakufuna kudziwa kuti wolondola ndani. Pansi pa gawo 459H akungoona ngati mkangano ulipodi, kapena ngati nanunso muli ndi ndalama zimene mukuitanitsa kwa wokongozayo. Simukufunika kupambana, mukungofunika kusonyeza kuti nkhani yanu si yongopeka ndipo iyenera kufufuzidwa. Kungonena kuti "sitikudziwapo kanthu" sikukwanira.

Kenako amachita masamu. Kwathu zinali chonchi: wina wotigulitsa matabwa anafuna madola 38,000. Mwa ndalamazo tinakana 20,000 chifukwa katunduyo sanafike n'komwe, ndiye zotsala zinali 18,000. Ifenso tinkamuitanitsa 15,000 pa matabwa amene anafika atavunda. Kuchotsera, panatsala 3,000. Popeza n'zosakwana 4,000, lamulo silipatsa woweruza mpata wosankha: ayenera kufafaniza chikalatacho. Zikanatsala 13,000, akanatha kungotsitsa ndalamayo n'kusiya chikalatacho chikugwirabe ntchito. Masamuwa chitani nokha musanawononge ndalama kwa loya, kuti mudziwe chimene mukukamenyera.

Palinso gawo 459J, lokhudza zolakwika m'chikalatamo, monga ndalama yolembedwa molakwika kapena ngongole yosafotokozedwa bwino. Musalidalire kwambiri. Cholakwikacho chiyenera kukhala choti chikuponderezani kwenikweni chikasiyidwa. Chilembo chosokonekera m'dzina sichimuchititsa woweruza kuimika mutu. Gawo lomweli limalolanso kufafaniza pa "chifukwa china", koma amatero mosamala.

Chimene chinatidzidzimutsa ndi gawo 459M. Woweruza amatha kufafaniza chikalata koma n'kuika malamulo ake, mwachitsanzo kuti muyambitse mlandu weniweni wa ndalama zimene mukuitanitsa pofika tsiku lakuti. Ife anatiuza zimenezi, ndipo ndimaona kuti n'chilungamo: wokongozayo asangosiyidwa m'malere ife tikunjoya ndi mkangano umene sitikufuna kuumaliza. Mukapambana, gawo 459N limalola khoti kulamula wokongoza kuti akubwezereni zolipira pa mlanduwo, ngakhale kawirikawiri sizibwerera zonse.

Pempho likakanidwa, mumakhala ndi masiku 7 oti mulipire, pokhapokha khoti litawonjezera nthawi. Mphamvu imeneyi lili nayo, koma muzipempha masikuwo asanathe, makamaka ngati mukufuna kuchita apilo. Mukalephera kulipira, wokongoza ali ndi miyezi itatu yogwiritsa ntchito kulepherako popempha kuti kampani itsekedwe, ndipo gawo 459S silidzakulolani kudzutsanso mkangano wa ngongoleyo popanda chilolezo cha khoti. Choncho pamene loya akukonza mapepala, inu khalani mukufunafuna kumene ndalamazo zingachokere.