Spring Boot imangondipatsa 406 ndikafuna XML

Ndi Spring Boot (chida chopangira mapulogalamu a Java) ndimakonza ka API (khomo lomwe mapulogalamu ena amatengerapo data) ka gulu lina la alimi kuno ku Chipata, kotulutsa mitengo ya nshawa ndi soya, koma pulogalamu yakale ku ofesi kwawo imawerenga data yolembedwa mu mtundu wa XML basi, mtundu wina uja wa JSON siidziwa. Ndikayesa curl (kapulogalamu kotumizira pempho ku seva) ndi "Accept: application/xml", kupempha XML, ndimangolandira 406 Not Acceptable, kutanthauza kuti seva singapereke mtundu womwe ndapempha.

Ndinaika produces = APPLICATION_XML_VALUE pa @GetMapping mu code, kuiuza kuti izitulutsa XML, palibe chinasintha. Ndinazimitsa seva nkuyatsanso kangapo, magetsi nawonso anapita, tsiku linangotha choncho.

Kumbe vuto linali mu pom.xml, fayilo yomwe mumalembedwa ma library a pulojekiti. Spring Boot imabwera ndi Jackson (library yosinthira data) ya JSON yokha, ndiye ngakhale uiuze kuti tulutsa XML ilibe chosinthira, ndi chifukwa chake imakana ndi 406 ija. Ndinaonjezera jackson-dataformat-xml, ya com.fasterxml.jackson.dataformat, version osalemba chifukwa Spring Boot imasankha yokha, nkuchita mvn clean package kuti pulogalamu imangidwenso, XML nkuyamba kutuluka. Yaulere, ndinangowononga ka bundle.

Kenaka mndandanda umatuluka ndi tag yoti List, ndinaukulunga mu class yanga ndi @JacksonXmlRootElement(localName = "mitengo").

Manje musadabwe, mukatsegula mu Chrome mudzaona XML ngakhale pomwe kale pamatuluka JSON, chifukwa browser imapempha XML patsogolo pa JSON.