Pulogalamu yakale ya DOS pa kompyuta ya lero: poyambira ndi pati

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina wa sitolo ya zipangizo zomangira, atanyamula kompyuta yake m'katoni ya sopo. Inali itasiya kuyaka. M'kati mwake munali kapulogalamu kowerengera katundu kamene mlamu wawo anawalembera kalekale mu Clipper, chinenero chakale cholembera mapulogalamu a kaundula, ndipo ngongole zonse za makasitomala zinali momwemo. Bambowa anali atagula kale laputopu ya Windows 11, koma akadina fayilo ya pulogalamuyo, imene anali nayo pa fulashi, Windows inkangokana. Mtima unali m'mwamba, poganiza kuti ndalama zawo zalowa m'madzi.

Vuto lotere si la iwo okha. Pali anthu amene akusungabe zolemba za WordPerfect 5.1, ziwerengero za Lotus 1-2-3, kaundula wa dBASE kapena FoxPro, ndiponso azaumoyo amene kafukufuku wawo wakale ali mu Epi Info 6. Mapulogalamu onsewa ankayenda pa DOS, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta ngati mmene ilili Windows lero, imene inabwera ndi IBM PC mu 1981, ndipo MS-DOS yomaliza kugulitsidwa payokha inali 6.22 ya mu 1994. Chimene Windows 11 ikukanira n'chakuti mapulogalamuwa ndi a kapangidwe kakale kotchedwa 16-bit. Windows ya 32-bit inali ndi kagawo kotchedwa NTVDM kamene kankawalandira, koma ya 64-bit ilibe, ndipo Windows 11 imatuluka ya 64-bit yokha. Ndiye musavutike kudina kambirimbiri, sitheka.

Musanaganize n'komwe za kuyendetsa pulogalamuyo, pulumutsani mbewu, ndiwo mafayilo anu. Tsegulani kompyuta yakaleyo, chotsani hard disk. Kawirikawiri imakhala ya IDE, ya chingwe chophwatalala cha mapini 40, ndipo amisiri ambiri okonza makompyuta ali ndi kachipangizo koilumikizira ku USB. Koperani zonse, osati fayilo ya EXE, yotsegulira pulogalamu, yokha ayi. Tengani foda yonse, mafayilo a DBF osunga kaundula ndi a NTX omwe ndi index (mlozera) wake, komanso mafayilo awiri ang'onoang'ono amene ali kumayambiriro kwa disikiyo (C:), omwe ndi CONFIG.SYS ndi AUTOEXEC.BAT. Awiriwa anthu amawanyalanyaza, chonsecho ndi amene amanena zimene pulogalamuyo inkafuna kuti iyende. Sungani zokoperazo malo awiri osiyana, ndipo disiki yakaleyo musaifomate, ikani m'kabati.

Mukatero, njira imene ine ndimalangiza kuyamba nayo ndi yoyendetsa DOS m'kati mwa Windows kapena Linux imene muli nayo kale, pogwiritsa ntchito pulogalamu yotsanzira kompyuta yakale. Yodziwika kwambiri ndi DOSBox, koma imeneyo anaikonzera masewera. Pa ntchito ya mu ofesi tengani DOSBox-X, yomwe ndi yaulere ndipo imatha kusindikiza. Pangani foda pa C: yotchedwa DOS, ikanimo foda ya pulogalamu yanu, tsegulani DOSBox-X n'kulemba kuti mount c c:\dos kenako c: ndipo mwafika. Lowani mu foda ndi cd, lembani dzina la pulogalamu, dinani Enter. Mizere imeneyi mutha kuiika pansi pa gawo la autoexec mu fayilo ya makonzedwe kuti wogulitsa m'sitolo azingodina kamodzi m'mawa.

Kwa bambo aja pulogalamu inatseguka, sikirini yake ya buluu inaoneka, koma titafuna kuona ngongole inagwa n'kulemba kuti DOS Error 4. Uthenga umenewu umatanthauza kuti mafayilo otsegulidwa nthawi imodzi achuluka kuposa amene DOS yaloledwa. Tinabwerera ku mafayilo awiri aja, ndipo tinapeza mzere wa FILES mu CONFIG.SYS ndi wa SET CLIPPER mu AUTOEXEC.BAT. Titaika manambala omwewo mu DOSBox-X, mayina a angongole anatuluka onse, ndipo bambowo anayamba kuwawerenga mokweza mmodzimmodzi, chala chili pa sikirini.

Pali nthawi zina pamene kutsanzira sikukwanira, makamaka ngati pulogalamuyo imayankhulana ndi makina kudzera pa serial port kapena parallel port, mabowo akale olumikizirapo zingwe kumbuyo kwa kompyuta: sikelo, makina odulira zitsulo, kapena kachipangizo kotetezera pulogalamu kamene kamalowetsedwa polumikizira pulinta. Apo ndiye mufunika kuika DOS pa kompyuta yeniyeni. Musasakesake MS-DOS ya m'makona. Tengani FreeDOS, imene Jim Hall anaiyambitsa mu 1994 Microsoft itayamba kusonyeza kuti ikusiya DOS. Ndi yaulere, ikukonzedwabe mpaka lero, ndipo 1.4 inatuluka mu 2025.

Apa mpamene pagona nkhani. DOS siyankhula yokha ndi disiki, kiyibodi kapena sikirini. Imadalira BIOS, kapulogalamu kamene kali m'bodi ya kompyuta. Makompyuta a masiku ano alibe BIOS yeniyeni, ali ndi UEFI. Kwa zaka zambiri UEFI inkabwera ndi gawo lotchedwa CSM, limene limadziyesa BIOS kuti zakale ziziyendabe. Intel inalengeza kuti isiya kuthandizira CSM pofika 2020, ndipo malaputopu ambiri atsopano alibiretu. Choncho yatsani kompyuta, dinani F2, F10 kapena Delete malinga ndi mtundu wake, ndipo funani mawu akuti CSM, Legacy Boot kapena Legacy Support. Mukawapeza, zimitsani Secure Boot, chitetezo chimene chimaletsa kompyuta kuyaka ndi pulogalamu yosavomerezeka, yatsani CSM. Mukapanda kuwapeza, lekerani pomwepo. Fulashi yoyatsira kompyuta ndi FreeDOS siidzaoneka pa mndandanda woyambira ngakhale mutaikonza kakhumi, ndipo vuto si fulashiyo.

Chenjezo limene ndimabwereza kwa aliyense: ngati pa kompyutayo pali Windows 11, yambani mwalemba papepala nambala yotsegulira BitLocker, loko imene Windows imatsekera disiki, musanagwire Secure Boot. Mukasintha makonzedwewa, Windows imatha kufunsa nambalayo, ndipo popanda iyo mafayilo anu atsekeka. N'chifukwa chake ndimakonda kuti DOS ikhale ndi kompyuta yakeyake. Desktop yogwiritsidwapo kale ntchito, monga Dell OptiPlex kapena HP ya m'nyengo ya Core 2 Duo, imakwana bwino lomwe, ndipo zambiri zimakhala ndi serial port kumbuyo. Pogula, itembenuzeni muone mabowo ake ndi maso anu, ndipo muuze wogulitsa aiyatse mulowe mu BIOS musanapereke ndalama.

Kukonza fulashi n'kosavuta. Pulogalamu ya Rufus ili ndi FreeDOS m'kati mwake: sankhani fulashi, sankhani FreeDOS, dinani Start. Zonse zimene zinali pa fulashiyo zifufutika. Disiki ya DOS iyenera kugawidwa m'njira yakale ya MBR, osati yatsopano ya GPT. Pa kasanjidwe ka mafayilo pa disiki, MS-DOS 6.22 imawerenga FAT16, gawo losapitirira 2 GB, pomwe FreeDOS imawerenganso FAT32. Pa awiriwa palibe yowerenga NTFS, kasanjidwe kamene Windows imagwiritsa ntchito, ndiye disiki ya Windows siioneka. Dzina la fayilo lisapitirire zilembo 8, ndi zina 3 pambuyo pa kadontho.

Zina zidzakudabwitsani. Kompyuta ya 8 GB ikhoza kunena kuti memory yaperewera, chifukwa pulogalamu wamba ya DOS imakhala mu 640 KB yoyambirira basi. Lembani mem muone yotsala, ndipo posankha poyambira FreeDOS tengani mzere wokhala ndi JEMM kuti ma driver, timapulogalamu toyendetsa zipangizo, asamukire kumtunda kwa 640 KB imeneyi. Pulogalamu yolembedwa mu Turbo Pascal imatha kufa ikangoyamba n'kulemba Runtime error 200, chifukwa processor yathamanga kupitirira pafupifupi 200 MHz ndipo kawerengedwe kake ka nthawi kasokonezeka. Mu DOSBox-X mungochepetsa cycles, nambala ya liwiro lake. Pa kompyuta yeniyeni pamafunika kachigamba kokonzera fayilo ya EXE. Fulashi muziilowetsa musanayatse kompyuta, chifukwa DOS imaona zokhazo zimene BIOS inaziona poyamba. Wi-Fi ndi mawu musaziyembekezere kwambiri.

Pulinta ndiyo imavuta anthu ambiri. DOS imatumiza zosindikiza ku LPT1, ndiyo parallel port, ndipo pulinta ya USB siizindikira. Ngati mukadali ndi Epson LX-300 ya riboni ndi kompyuta ya parallel port, zisungeni pamodzi ngati khasu ndi mpini wake. Zingwe zosinthira USB kukhala parallel zimathandiza pa Windows, koma DOS yeniyeni siziona.

Ndiye pali magetsi. FAT ilibe chitetezo chimene NTFS ili nacho magetsi akathima fayilo ikulembedwa, ndipo kaundula wa DBF amaonongeka msanga, makamaka mafayilo a index. Ikani UPS, batire yosunga kompyuta yoyaka magetsi akathima, tulukani mu pulogalamu bwinobwino musanazimitse, ndipo madzulo alionse koperani foda yonse ku fulashi ndi lamulo la DOS la xcopy. Kwa bambo aja tinachitanso chinthu chimodzi asananyamuke: tinatsegula kope la fayilo ya ngongole mu LibreOffice Calc, imene imawerenga DBF mwachindunji, n'kuisunga ngati spreadsheet. Tinagwirizana kuti azichita zimenezi Loweruka lililonse akatseka sitolo, pa kope lokhalokha, osati pa fayilo imene pulogalamu ikugwiritsa ntchito.