Mwana wa shuga akamaopa jakisoni: momwe mungamubayire insulini popanda kulimbana

Mwana wa matenda a shuga a mtundu woyamba amafunika insulini, mankhwala otsitsa shuga m'magazi, tsiku lililonse, kawirikawiri kangapo patsiku. Insulini samwedwa ngati piritsi chifukwa imagayika m'mimba isanagwire ntchito. N'chifukwa chake kuyambira mu 1922, pamene Leonard Thompson, mnyamata wa zaka 14, anabayidwa koyamba ku Toronto, njira yake yaikulu yakhala yodzera pakhungu. Kubaya ndiye sikuthawika. Chimene kholo lingasinthe ndi kabayidwe kake.

Yambani ndi kukonza zonse mwana asanabwere. Mantha amakula akamaonerera mukutsegula singano ndi kuyeza mlingo. Insulini yochokera mufuriji imaluma, choncho itulutseni msanga kuti kuzizira kuthe. Mitundu yambiri, ikatsegulidwa, imakhala bwino kunja kwa furiji kwa masiku 28 bola isawombedwe ndi dzuwa kapena kutentha. Singano ikhale yatsopano nthawi zonse, pakuti yobwereza imabuntha n'kumapweteka. Ngati mumagwiritsa ntchito peni ya insulini, chobayira chooneka ngati cholembera chokhala ndi batani lokankha, funsani namwino za singano zazifupi za mamilimita 4.

Kenako muuzeni zoona. Mawu akuti "sizipweteka" amagwira kamodzi kokha, mawa lake mwana sakukhulupiriraninso. Nenani kuti, "Kaluma pang'ono ngati nyerere, tiwerenga mpaka 10, basi tamaliza." Ndipo chonde, akulu a panyumbapo asiye kuopseza ana kuti akapanda kumvera akabayidwa jakisoni. Mwana amene moyo wake wadalira singano asamaione ngati chilango.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa: timakambirana zoti abayidwe kapena ayi, mphindi 30 n'kutha mwana akulira pansi pa tebulo. Mupatseni zosankha zina. Ntchafu ya kumanja kapena ya kumanzere? Awerenga ndani, iye kapena inu? Ayang'ana kapena atembenuka? Ana ena amalimba mtima akamaona singano ikulowa, musawakakamize kutseka maso. Wamng'ono mukhazikeni pamiyendo panu, msana wake utsamire pachifuwa chanu, mumukumbatire. Kumugoneka chagada anthu awiri atamupanikiza kumangowonjezera mantha a mawa.

Pobaya, muuzeni apume mozama kenako atulutse mpweya pang'onopang'ono ngati akufufumitsa baluni. Minofu ikamasuka, ululu umachepa. Mungayambe mwaika kansalu kozizira pamalopo. Ngati mwapukuta ndi sipiriti, dikirani iume kaye. Kwa mwana wochepa thupi, nyamulani khungu ndi zala ziwiri mosafinya, lowetsani singano mosazengereza, kankhani mankhwala onse, werengani mpaka 10 musanazule. Pamalopo musatikite.

Malo obaya ndi pamimba motalikirako ndi mchombo, pantchafu, m'matako ndi kumtunda kwa mkono. Muzisinthasintha, kusiya mpata wa chala chimodzi kuchokera pomwe munabaya komaliza. Samalani mwana akayamba kukakamira malo amodzi ati sipapweteka. Nthawi zambiri pamakhala patachita kachotupa kolimba pansi pa khungu, ndipo insulini yobayidwa pamenepo imalowa m'magazi mosadalirika, shuga n'kumangokwera ndi kutsika. Papumitseni mpaka patere, ndipo muwaonetse adokotala chifukwa mlingo ungafunike kuunikanso.

Mukamaliza muyamikireni chinthu chenicheni: "Lero sunagwedeze mwendo." Kulira si mlandu. Nthawi yopanda jakisoni mupatseni chidole ndi sirinji yopanda singano kuti iye akhale dokotala. Akamakula ayambe ndi kusankha malo, kenako kukankha batani, mpaka adzibaye yekha inu mukuyang'anira mlingo.

Zikakanika mpaka jakisoni kumadumphidwa, auzeni achipatala mosabisa. Mwana amene wasowa insulini akayamba kusanza, kumva m'mimba, ludzu losatha ndi kupuma mozama mofulumira, thamangirani naye kuchipatala nthawi yomweyo.